Kabotolo Kolembedwa Gracian

Lachiwiri m'mawa Gracian Ngozo adasiya aganyu akukumba mbatatesi, adasamba, adapesa tsitsi, nakakhala pa benchi ya pa siteji ya Tsangano ngati munthu wopanda munda. Amayi ogulitsa kabichi adangoyang'anana n'kuseka. Mlimi akapesa tsitsi pakati pa sabata safunsidwa kuti akudikira yani. Msika wonse unkadziwa kuti Christobel akukwera kuchokera ku Bwanje, ndi kuti Loweruka likudzalo a Elson, amalume ake a Gracian, atsikira kuchigwako kukaonekera kwa makolo a mtsikanayo ngati ankhoswe.

Awiriwa adadziwana mu Novembala, mapichesi atapsa. Mtsikana wovala magalasi adaima pa mpanda wa Gracian n'kupempha, osati kugula zipatso, koma kuzipukuta ndi kathonje. Adati amaphunzira ku yunivesite ya ku Joni, ndipo wabwera kumudzi kudzasaka yisiti wam'tchire, yemwe amakhala pa makoko a zipatso ndi m'migolo ya masese. Gracian adaganiza kuti mutu wake sukoka. Adamugwirira makwerero poopa kuti wamisala angathyoke mwendo m'munda mwake, ndipo mmene mtsikanayo amatsika, wamisala adali atasanduka iyeyo.

Tsopano udali mwezi wa Marichi. Minibasi idafika ili matope okhaokha, ndipo Christobel adatsika atafukata kabokosi kabuluu koziziritsira zinthu.

"Wapesa," adatero asanapereke ndi moni womwe.

"Ndi mphepo yapesa."

"Mphepo ya ku Tsangano imayenda ndi chipeso eti? Landira, koma usagwedeze. Muli iweyo m'menemo."

Adakakhala pa mwala kuseri kwa golosale ya amayi ake a Gracian. Christobel adatsegula kabokosi. Mudali timabotolo tapulasitiki tating'ono ngati chala, tili ndi timadzi totuwa, kalikonse kolembedwa dzina la mwini munda kapena mwini mgolo womwe yisiti adachokerako. Ku Bwanje mphepo yamkuntho idali itagwetsa mapolo, magetsi adathima masiku anayi, ndipo filiji ya kunyumba kwawo idasanduka kabati wamba.

"Enawa ndi olimba," adatero. "Koma uyu wa pa mapichesi ako ndi wosachedwa kufooka. Ndidasunga timabotolo titatu ta iyeyu, tiwiri taonongeka ndi kutentha. Watsala yekhayu. Ndisungire mu filiji ya sola ya m'golosale ya amayi akoyi mpaka Lachisanu."

"Kodi uja umati ali ndi vuto lanji?"

Gracian ankadziwa yankho. Adali atalimva kasanu. Koma Christobel akamafotokoza za yisiti ankakweza magalasi ndi chala chapakati, maso n'kuwala, ndipo mnyamatayo akadalola kukhala mbuli mpaka kukalamba kuti azingoona zimenezo.

"Mutu wako ndi sefa. Tamvera. Mu yisiti aliyense muli tizipinda totchedwa mitokondiriya. M'menemo ndi momwe amapumira n'kupeza mphamvu. M'kachipindamo muli chigayo chake, raibosomu, chopanga zipangizo zopumira, ndipo thupi la chigayocho ndi ulusi wautali wotchedwa RNA. Ulusiwo ukangopangidwa pamabwera amisiri atatu, maenzaimu, aliyense kudzadinda kachidindo kake pamalo pake. Malo atatu okha pa ulusi wonsewo! Mmodzi akajomba, chigayo chimagwedera."

"Ndiye wanga wajomba ndi uti?"

"Ndikukayikira wachiwiri, koma mpaka akayezedwe. Kukazizira amapuma bwinobwino. Kukatentha, basi, kupuma kumamukanika, amangodya shuga n'kukhala wamng'ono. Ndendende mwini wake akatsikira ku Bwanje, thukuta kamukamu, kupempha madzi khomo lililonse."

"Ine ku Bwanje chimandibanikitsa ndi bambo ako, osati dzuwa."

Christobel adaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka adatsamira paphewa pake mwachangu, pakuti kuseri kwa golosale kumadutsa anthu. "Loweruka ukabanika komaliza. Amalume akonzeka?"

"Jekete adalichapitsa kale."

Gracian adaika kabokosi pansi penipeni pa filiji, kuseri kwa mafirizi, namuperekeza ku siteji atanyamula chikwama chake chamanja pamaso pa amuna onse a pa bawo. Sadaganize zouza amayi ake, pakuti mutu wake udali kale ku Loweruka.

* * *

Lachitatu dzuwa lisanafike paliwombo foni yake idalira ali kumunda. Adali amayi ake, a Najere, ndipo mawu awo adali a tsiku la maliro.

"Siya khasu ubwere. Usadutse kwina."

Pakhonde adapeza khoti litakhala kale. A Najere adali pamphasa, duku atamanga molimba. A Elson adali pampando, chipewa pabondo. Pafupi ndi nsanamira padaima Dailes, mtsikana wa kwaya wogulitsa mafirizi, yemwe a Najere adamusankhira mwana wawo mumtima zaka zitatu zapitazo, kuiwala chinthu chimodzi chokha, kufunsa mwanayo. Ndiye amene adapeza kabokosi potenga mafirizi ake, ndipo nkhope yake idali ya munthu wachisoni amene chisonicho chikumukomera. Pakati pa bwalo, mu lichero lakale, mudagona timabotolo tonse. Palibe adafuna kutikhudza ndi dzanja. A Elson ankatitembenuza ndi kamtengo.

"Khala pansi," adatero amalume. "Werenga apa."

"Gracian."

"Gracian ndani?"

"Ndi ine, amalume, koma..."

"Mayo ine!" a Najere adagwira kumutu. "Ndimanena ine! Mwana wanga amuika m'botolo, n'kudzamusunga mu filiji yanga yomwe, pamodzi ndi mafirizi a ana asukulu!"

"Amayi, ndi yisiti ameneyo. Wonga wa mandasi uja. Adamutenga pa mapichesi athu."

"Yisiti wa mandasi amakhala m'paketi, ndipo salembedwa dzina la mwamuna," adayankha Dailes motsitsa mawu. "Onaninso aka. Kalembedwa Maynard. Si a Maynard omwe athamangitsa akazi awo mwezi wathawu?"

"A Maynard amathamangitsa akazi awo chaka chilichonse akagulitsa mbatatesi! Nanga aka kalembedwa Janeti, nawonso a Janeti a masese akufuna kuwakwatira?"

Koma a Najere adali atasunga umboni kwa miyezi inayi, ndipo adauyala wonse. Mwana amene sadatsukepo kapu chibadwire adaoneka ku Bwanje akutsuka mbale pamjigo. Mwana woleredwa ndi mbatatesi tsopano akuti mpunga ndiwo chakudya. Amaseka yekha ndi foni pakati pa mizere. Dzulo lomweli wanyamula chikwama cha mkazi msika wonse ukuona. "Ukati si kondaine ameneyu, ndi chiyani?"

Apa Gracian adaganiza zowagonjetsa ndi sayansi, ndipo ndi pomwe adadzikumbira dzenje.

"Tamverani bwino. M'katimo muli tizipinda. M'tizipindamo muli chigayo. Ndiye pamabwera amisiri atatu kudzadinda, koma mwa wangayu mmodzi adajomba..."

"Amisiri?" a Elson adabweza mapazi pansi pa mpando. "M'kabotolo aka?"

"Osaoneka ndi maso, amalume."

"Ndondocha!" adakuwa a Najere. "Akugwiritsa ntchito ndondocha, ndipo mwana wanga akuziwerenga ngati aganyu ake!"

Padatenga nthawi kuti bwalo likhale bata. A Elson adali munthu wofatsa, mkulu wa mpingo amene ankakana zamatsenga Lamulungu lililonse n'kumazilambalala masiku ena onse. Adatsokomola naweruza.

"Ine mtsikanayu ndilibe naye chifukwa. Ulemu ali nawo. Koma sindingavale jekete kukapempha mbeta pamene mlongo wanga akulira chonchi. Akuluakulu ankati zinthu zotere zikapsa, mphamvu yake siidutsa masiku atatu. Tenga kako, ukawotche wekha ndi dzanja lako. Ta amuna a eni sititikhudza, ubwezere m'bokosi. Likafika Lachisanu ukumufunabe, Loweruka ndilawira ndekha, ndipo amayi akowa adzamulandira ndi manja awiri. Si choncho, achemwali?"

"Ndi nthungululu yomwe," adalumbira a Najere.

"Nanga ndikakana?"

"Ukakana tidziwa kuti akuyankhula si iwe, ndi botolo. Jekete ndibweza m'sutikesi."

Gracian adapempha kuti ayambe waimba foni. Adazungulira kuseri kwa khola naimba kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri adauzidwa kuti nambalayo siikupezeka. Ku Bwanje kudalibe magetsi, foni ya Christobel idali itafa. Akadatha kudikira mpaka mawa. Akadatha kukwera njinga yamoto n'kutsika phiri. Koma amayi ake ankasisima pakhonde, amalume adali atavala kale chipewa, ndipo Loweruka linkaoneka ngati likuthawa. Adadziuza kuti ndi timadzi chabe, tosakwana ndi supuni ya tiyi, kuti mapichesi adzapsanso, kuti mkazi wanzeru ngati uja adzamvetsa.

Ndipo tinene zoona, pakuti kumubisira sikumuthandiza: pansi pa zifukwa zonsezo padali kafunso kena kochititsa manyazi. Iye mwini ankadabwa ndi mmene ankamukondera mtsikanayo. Chikondi chotere adali asanachionepo pa munthu wina aliyense wa ku Tsangano. Nanga chikadakhala kuti chidachokeradi kwina?

Mbaula idali pakhomo la khitchini, nyemba zili pamoto. Adaphula poto, adatsegula kabotolo, nathira. Makala adangoti tsi, kamodzi. Adaponyapo kabotolo ndi chitsekerero chake, pulasitiki idakhwinyata n'kununkha, ndipo a Najere adayamba nyimbo yoyamika Mulungu.

* * *

Lachinayi m'mawa uthenga udalowa ali pakati pa mizere.

"Foni yadzuka, ndatchajitsa kwa a sola pamsika. Ndaona udandiimbira kasanu ndi kawiri. Wandisowa chotere? Gracian wamng'ono ali bwanji?"

Gracian adakhala pa thumba la mbatatesi. Adalemba kuti, "Pali nkhani," nafufuta. Adalemba kuti, "Ndalakwa," nafufutanso. Nkhani yotere, adadzinamiza, siyenera foni, ndi ya pamaso. Pomaliza chala chake chidalemba chokha.

"Ali bwino. Akugona."

"Umupatse moni. Wamkuluyo ndidzampatsa ndekha mawa. Mayi agula kale nkhuku ziwiri, bambo akuyeserera nkhope yoopsa pagalasi."

Adawerenga uthengawo kanayi, ndipo ulendo uliwonse mtima unkamupweteka malo atsopano. Ngati kudali kondaine, ndiye kuti moto udangomukoleza. Sadayambe wamufunapo Christobel monga adamufunira m'mawa umenewo, ndipo kafunso kadzulo kaja kadamuchititsa manyazi moti sadathe kuyang'ana aganyu ake kumaso.

Masana kudatulukira Dailes, mbale ya mandasi atavindikira ndi kansalu koluka. Adavala diresi ya Lamulungu pa Lachinayi.

"Ndimati ndikuoneni, achimwene, ngati mutu wayamba kupepuka."

"Walemera kawiri."

"Zimatero poyamba. Zili ngati malungo, zimatuluka ndi thukuta."

"Dailes," adatero Gracian mofatsa, pakuti mtsikanayo adakula naye ndipo sankamuda, "iwe ndiwe munthu wabwino, ndipo pa kwaya palibe wokuposa. Koma usataye nsapato zako ndi matope a munda uno. Ngakhale atawotcha Bwanje yense, ine ndidzapita kukafufuza paphulusa."

Dailes adakumbatira mbale yake ya mandasi. "Masiku atatu sanakwane," adatero. Adatembenuka napita, mandasi ndi kansalu komwe.

Madzulo a Najere ankasankha nyemba pakhonde, diso limodzi mu lichero, lina pa mwana wawo. Adamuona akukankha mbale osadya. Adamuona akutulutsa foni, kuyang'ana chithunzi, kubweza m'thumba, kutulutsanso.

"Sizikutha eti?"

"Sizikutha, amayi."

A Najere adayamba kuseka okha, kuseka kogwedeza mapewa.

"Bambo ako ankayenda pansi kuchokera ku Biriwiri kudzandiona, mvula ili pamsana. Tsiku lina adandisenzera mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri. Apongozi anga adapita nawo kwa sing'anga kawiri." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndidaiwala, mwana wanga. Umasiye umaiwalitsa. Ndimaona ngati akukulanda, chonsecho ndi magazi a kwanu, a Ngozo mukakonda mumapusa. Mawa ndipha tambala uja."

Gracian adayenera kukondwa, ndipo theka la mtima wake lidakondwadi. Theka linalo lidali pa kabokosi kabuluu, momwe mudali malo amodzi opanda kanthu.

* * *

Lachisanu Christobel adatsika minibasi atanyamula kathumba ka mpunga wonunkhira ndi chitenje chatsopano cha a Najere. Magetsi adali atayaka ku Bwanje, ndipo iye adali wosangalala ngati mwana wotsekera sukulu. Kuchokera pa siteji mpaka kunyumba sadapume: azakhali afika kale kuchokera ku Balaka, mng'ono wake wasesa bwalo katatu, bambo afunsa ngati anthu a kumapiri amadya nsomba. Katatu konse Gracian adatsegula pakamwa, ndipo katatu konse mtsikanayo adamuyang'ana ndi maso owala aja, mawu n'kubwerera kukhosi. Adaganiza kuti amuuza akatha kudya.

Sadafike n'pakhonde pomwe. A Najere adatuluka m'khitchini ndi nthungululu yomwe idadzutsa agalu a mudzi wonse.

"Mtengwa wanga! Fikani, fikani, mayi!"

Christobel adadabwa, pakuti masiku onse ankalandiridwa ndi moni wouma wa pamlomo. Adagwada, napereka mphatso ndi manja awiri. A Najere adamudzutsa, namukhazika pamphasa yatsopano pafupi nawo, atagwira dzanja lake osalisiya.

"Mwana wanga, ine ndine mkhristu, sindingadye nanu tambala ndili ndi chinthu kukhosi. Ndidakulakwirani. Tidapeza timabotolo tanu tija, ndipo ine ndi umbuli wanga ndidati mwamudyetsa mwanayu. Mundikhululukire. Koma Mulungu ndi wabwino, choonadi chaoneka. Kake kaja adakawotcha yekha pa mbaula Lachitatu, ndipo taonani, lero ndi Lachisanu, akadali wopenga nanu kuposa kale!"

Adaseka, akuyembekeza kuti onse aseka nawo. Gracian adayang'ana pansi. Adamva, osaona, mutu wa Christobel ukutembenukira kwa iye pang'onopang'ono.

"Lachitatu," adatero mtsikanayo.

"Lachitatu masana, mayi. Ndi dzanja lake."

"Ndamva, amayi. Palibe mlandu." Mawu ake adali aulemu, osalala, koma zala zake zidafinya mphasa mpaka bango lidathyoka. "Mundilole ndikaone katundu wanga ku golosale."

Gracian adamutsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Christobel adatulutsa kabokosi mu filiji, napita nako kuseri, pa mwala. Adatsegula. Adadutsa chala pa timabotolo, Maynard, Hilary, Janeti, mpaka chidaima pamalo opanda kanthu.

"Udathira wonse?"

"Wonse."

"Chitsekerero chili kuti? Ngakhale kadontho kotsalira pa chitsekerero kandikwanira."

"Chidapsa pamodzi."

Adavula magalasi, nawapukuta ndi bulauzi, nawavalanso. Misozi idatsika pansi pa magalasiwo mwakachetechete.

"Christobel, adati ndikapanda kutero amalume sabwera. Ndidakuimbira, foni yako..."

"Idadzuka Lachinayi. Ndidakufunsa. Udati ali bwino, akugona."

"Ndimaopa."

"Umaopa ine, kapena umaopa kuti amayi akunena zoona?"

Munthu wochenjera akadayankha msanga. Gracian adachedwa ndi kamphindi kamodzi, ndipo mtsikana wozolowera kuona tinthu tosaoneka ndi maso adakaona kamphindiko.

"Ehe," adatero motsitsa. "Udafuna kudziwa nawenso."

"Ndadziwa tsopano! Ndimakukonda, Christobel, popanda botolo, popanda chilichonse. Mapichesi adzapsa mu Novembala. Ndidzakugwirira makwerero mtengo uliwonse, mpaka ku Mozambiki ngati ufuna."

"Mitengo makumi anayi ndi itatu ndidapukuta, ndidamupeza pa chipatso chimodzi. Ndipo Novembala ndilibe." Adatulutsa foni nampatsa. "Nanenso ndidakubisira kanthu, ndiye tafanana. Chaka chomwe a ku yunivesite adandipatsa kuti ndikhale kuno chikutha mwezi uno. Sindidakuuze chifukwa ndinkafuna ndikuuze nditapeza kale njira. Werenga, wafika dzulo madzulo."

Uthengawo udali wachingerezi, wochokera kwa aphunzitsi ake a ku Joni, ndipo Gracian adauwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ankati yisiti wa ku Tsangano uja wawasangalatsa kwambiri. Akatumizidwa Lolemba n'kupezeka kuti enzaimu ija ikusowadi, Christobel aloledwa kumalizira kafukufuku wake konkuno, mu labu ya ku Lilongwe. Popanda yisiti ameneyo, abwerere pakutha pa mwezi kukayamba ntchito ina ndi yisiti wa kumeneko, zaka ziwiri.

Foni idamulemera m'manja. Adayang'ana ku khitchini komwe utsi wa tambala unkakwera, ndipo adafuna kulira ngati mwana.

"Ndimati ndikuuze mawa, ankhoswe akatha kuyankhula," adatero Christobel. "Ndimati ndidzati, Gracian wamng'ono wandisunga kumudzi." Adamumenya pachifuwa ndi chibakera chofooka, kamodzi, kawiri, kenaka adasiya dzanja pomwepo. "Chitsiru iwe. Ndikadakhala kuti sindikukonda bwenzi ndikungotukwana n'kukwera minibasi. Ndiye chikundiwawa n'chimenecho."

Pa nthawi yomweyo a Elson adatulukira pakona pa golosale, akumwetulira mpaka m'makutu, jekete lositidwa lili pa hang'ala kuti anthu alione.

"Eya, ana inu muli kuno! Mayi, galimoto yoyamba yotsikira kwanu imanyamuka nthawi yanji? Sindifuna bambo anu adzati anthu a ku Tsangano ndi ogona."

Christobel adapukuta nkhope msanga ndi chikhatho, nagwada pa udzu wonyowa monga mwana woleredwa bwino.

"Imanyamuka sikisi, amalume. Mubwere, kwathu akonzeka kale. Koma musanakafunse bambo anga chilichonse, muyambe mwafunsa mwana wanuyu ngati angathe kundidikira zaka ziwiri. Pakuti Lachitatu lija, tsiku limodzi lokha lidamukanika."

Kumwetulira kwa a Elson kudazima pang'onopang'ono. Adayang'ana mtsikanayo, adayang'ana Gracian, natsitsa jekete mpaka mkono wake udakhudza matope.